Chizindikiro cha + sichinagwe kumwamba, anachipanga ndi anthu

Akonzi,

Ndipatseniko malo pa tsamba lanu la makalata ndiyankhulepo za nkhani imene anthu amaiona ngati yaing'ono koma ikuwasokoneza kwambiri achinyamata athu amene ayamba kuphunzira koding'i masiku ano, ndipo muzu wake uli ku pulayimale komwe, momwe timaphunzitsira zizindikiro za masamu. Samu ija ya 8 ÷ 2(2+2) inavuta dziko lonse mu 2019 ndipo mpaka lero imangobwerabwera pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ena akuti 16 ena akuti 1, anthu akuluakulu kunyozana, aliyense akuti mnzakeyo ndi amene sanamve BODMAS. Ine chimene chimandiwawa si ansala ayi. Chimandiwawa nchoti mbali zonse ziwiri zimakhulupilira kuti kuli lamulo lachilengedwe kwinakwake limene linagamula kale zimenezi, pomwe kulibe, zizindikiro anapanga ndi anthu ndipo zoti ichi chiyambe ichi chitsatire anachita kugwirizana ndi anthu basi.

Tangoonani zaka zake. Pulasi ndi mainasi zinaoneka koyamba m'buku losindikizidwa mu 1489 ku Leipzig, la Johannes Widmann. Chizindikiro cha = anabweretsa ndi Robert Recorde mu 1557, cha × chinatchuka ndi William Oughtred mu 1631, cha ÷ ndi Johann Rahn mu 1659. Anthu anali akuwerengera kale kwa zaka masauzande izi zisanabwere. Nde mwana akamaona + ngati chinthu chopatulika chimene sichingafunsidwe mafunso, taphonya penapake.

Kumene ine ndinazimvetsa bwino zimenezi ndi ku mtundu wa koding'i umene amautcha functional programming, kumene pulogalamu yonse imamangidwa ndi mafankishoni, ndekuti kanthu kamene umakapatsa zinthu iko nkukubwezera ansala osakhudza china chilichonse. Chilankhulo chodziwika kwambiri cha mtundu umenewu ndi Haskell, chimene komiti ya akatswiri inagwirizana zopanga mu 1987 pa msonkhano wa ku Portland, Oregon, lipoti lake loyamba nkutuluka mu 1990, dzinalo anatengera kwa katswiri wa lojiki Haskell Curry. Mu Haskell, + si chinthu chapadera chimene kompaila, pulogalamu yomasulira kodi kuti kompyuta iimve, inabadwa ikuchidziwa mwa matsenga ayi, ndi fankishoni ngati ina iliyonse, kusiyana kwake nkoti dzina lake ndi chizindikiro osati zilembo, ndipo pa chifukwa chimenecho imakhala pakati pa zinthu ziwiri m'malo mokhala kutsogolo. Umboni wake ndi wosavuta, mukaika + mu mabulaketi mutha kuilemba kutsogolo, (+) 2 3 ndi chimodzimodzi 2 + 3, ansala 5. Ndipo zimathekanso mobwerera, fankishoni ya dzina la zilembo ngati div, yogawa manambala athunthu, mutha kulemba div 10 3 kapena kuiika pakati poitsekera ndi timizere tija topendekera chambuyo, 10 `div` 3, zonse ansala 3. Ndekuti kukhala opareta, kutanthauza chizindikiro chokhala pakati pa zinthu ziwiri ngati +, si mtundu wina wa chinthu, ndi malo okhala pa mzere basi.

Apa mpamene BODMAS imalowa. Haskell ili ndi masitepe khumi, kuyambira 0 mpaka 9, ndipo opareta iliyonse inapatsidwa sitepe yake, ya pa sitepe yapamwamba ndi imene imayamba kugwira. + ndi - zili pa 6, * ndi / zili pa 7, ^ ya ma pawa ili pa 8, == ndi < zoyerekezera zinthu ziwiri zili pa 4, && yotanthauza "komanso" pa 3, || yotanthauza "kapena" pa 2. Ndipo zimenezi sizinabisidwe mkati mwa kompaila, zinalembedwa mu laibulale, mulu wa kodi yolembedwa kale, imene aliyense atha kuwerenga, mzere wake ndi infixl 6 + basi, wina wake anakhala pansi nkulemba 6 imeneyo. Chifukwa chimene 2 + 3 * 4 ili 14 osati 20 nchoti 7 ndi wamkulu kuposa 6, palibenso china.

Ndipo taonani bwino, + ndi - zili pa sitepe imodzi, * ndi / zili pa sitepe imodzi. Ichi nchimene BODMAS ya pamtima imabisa, chifukwa mwana amaiwerenga ngati mndandanda wa zinthu sikisi, D kenako M, A kenako S, nde mukamupatsa 10 - 3 + 2 iye amayamba kuphatikiza 3 ndi 2 poti A ili patsogolo pa S, nkupeza 5, pomwe ansala ndi 9. Ana otere ndakumana nawo ambiri, ena a fomu folo ndithu, ndipo vuto si la iwo, anangotsatira nyimbo momwe anaiimbira. Kachilembo kakang'ono ka l kali kumapeto kwa infixl ndi kamene kamanena kuti zikakumana za pa sitepe imodzi yambira kumanzere. Nkona 10 - 3 - 2 ili 5, osati 9. Ma pawa ndiye ali infixr 8, amayambira kumanja, 2^3^2 imawerengedwa ngati 2^9, ansala 512. Koma lembani =2^3^2 yomweyo mu Excel, ikupatsani 64 chifukwa Excel imayambira kumanzere. Lembani =-2^2 mu Excel ikupatsani 4, pomwe mu Haskell, olo mu Python polemba -2**2, ansala ndi -4. Palibe kompyuta imene yapenga apa. Zili ngati za pamsewu, kuno timayenda kumanzere ku Congo amayenda kumanja, chofunika nkudziwa dziko limene ulimo. Koma ma akawuntanti athu amene tsiku lonse ali mu Excel ndi angati amene anauzidwapo kuti mainasi yakutsogolo imagwira msanga kuposa pawa mmenemo?

Pali gulu lachitatu limene ndimalikonda kwambiri, infix yopanda l yopanda r. == ili mmenemo, ndekuti mukalemba 1 == 2 == 3 kompaila imakana, imvekere sindikudziwa kuti ndiyambire kuti, ikani mabulaketi. Sichita kulota ayi. Ndipo samu yathu ija mukailemba momwe ilili, 8 / 2 (2+2), Haskell imaona ngati mukufuna kugwiritsa ntchito 2 ngati fankishoni, poti mu Haskell kuika zinthu ziwiri moyandikana kumatanthauza kuitana fankishoni ndipo kumeneko kumagwira msanga kuposa opareta iliyonse, nde imakubwezerani ndi erala. Mukufuna 16 lembani 8 / 2 * (2+2), mukufuna 1 lembani 8 / (2 * (2+2)). Wolakwa ndi amene analemba funso.

Tsono poti opareta ndi fankishoni chabe, inunso mutha kupanga yanu. Zizindikiro zololedwa ndi monga ! # $ % & * + . / < = > ? @ \ ^ | - ~ ndi :, mutha kuziphatikiza momwe mukufunira, kungoti zoyamba ndi : anazisungira zomangira deta, ngati : yeniyeniyo imene imaika chinthu kutsogolo kwa lisiti. Tiyerekeze mukulemba kapulogalamu ka banki mkhonde ndipo mwatopa nkulemba za maperesenti mobwerezabwereza. Mutha kulemba kuti x %% p = x * p / 100, pamwamba pake infixl 7 %%, basi mwapanga opareta. 50000 %% 20 ikupatsani 10000, ndipo ngongole ya K50,000 ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti ndi 50000 + 50000 %% 20, ansala 60000, chifukwa 7 yanu ija yagwira msanga kuposa 6 wa pulasi. Koma mukanalemba infixl 5 mzere womwewo ukanayamba kuphatikiza, 100000, kenako peresenti, ansala 20000, ndipo kompaila sikanadandaula olo pang'ono chifukwa yachita zimene munaiuza. Nambala imodzi yokha, ndalama za gulu zasokonekera. Mukapanda kulemba chilichonse Haskell imangoipatsa infixl 9. Mwana amene wapanga yekha zimenezi kamodzi, nkuona ansala ikusintha chifukwa cha nambala imene wasankha yekha, sadzafunanso nyimbo ya BODMAS, wamvetsa chimene nyimboyo inkafuna kunena.

Phindu lenileni lotenga opareta ngati fankishoni limaoneka ukafuna kuipereka kwa fankishoni ina. Muli ndi lisiti ya zogulitsa za tsiku, foldr (+) 0 [200,500,300] ikupatsani 1000, mwangoitenga + nkuipereka ngati katundu, sinthani muike (*) ndi 1 mwapeza kuchulukitsa zonse. Muli ndi lisiti ya mitengo ndi lisiti ya kuchuluka kwa katundu, zipWith (*) izichulukitsa awiriawiri. Komanso mutha kuipatsa opareta mbali imodzi yokha ina nkusiya, (*2) ndi fankishoni yochulukitsa kawiri, map (*2) [1,2,3] ikupatsani [2,4,6], ndipo mbali imene mwadzaza ili ndi ntchito, (^2) ndi sikweya pomwe (2^) ndi 2 ku pawa ya nambala imene ibwere. Maganizo amenewa oti fankishoni ya zinthu ziwiri itha kulandira chimodzi kaye ndi akale kuposa makompyuta, Moses Schönfinkel analemba za izi mu 1924, Curry nkudzazipititsa patsogolo.

Sikuti zonse nzosalala ayi, mainasi ndi mutu wopweteka. Ndi chizindikiro chimene mu Haskell chimagwira ntchito ziwiri, kuchotsera komanso kusonyeza nambala ya pansi pa ziro, nde (-1) si fankishoni yochotsa 1 ngati momwe (+1) ilili yoonjezera, ndi nambala chabe, mpaka anachita kupanga fankishoni ina dzina lake subtract kuti itseke dzenje limeneli. Ndipo 3 * -2 imakanidwa, mpaka mulembe 3 * (-2). Oyamba kumene amakwiya nazo ndipo ine ndimawamvetsa. A chilankhulo china chotchedwa Standard ML anazemba vutoli pogwiritsa ~ pa nambala ya pansi pa ziro, ~2, zooneka zachilendo koma zoyera bwino, ine ndikuona kuti pamenepa iwo ndi amene anaganiza bwino.

China chimene chimadabwitsa anthu ochokera ku C kapena Java ndi &&. Kumeneko && ndi lamulo lapadera la chilankhulo, kuti mbali yoyamba ikakhala yabodza yachiwiri isawerengedwe nkomwe, ndipo simungalembe fankishoni wamba yochita zimenezo. Mu Haskell ndi mizere iwiri ya mu laibulale, True && x = x ndi False && _ = False, ndipo zimagwira chifukwa Haskell siwerengera chinthu mpaka chitafunikadi. Chimodzimodzi $ imene imaopsa anthu ambiri akaiona koyamba, tanthauzo lake lonse ndi f $ x = f x, ndekuti sichita kanthu, ntchito yake ili pa sitepe yake basi, infixr 0, yotsikitsitsa, nde zonse za kumanja kwake zimayamba zatha kaye ndipo mabulaketi ambirimbiri amachoka. Kadontho . kali pa infixr 9, kamalumikiza mafankishoni awiri kukhala imodzi monga kabwalo kaja ka f ∘ g ka mu masamu a sekondale. Koma $ ija, opareta imene phindu lake lonse ndi nambala ya sitepe, kwa ine palibe chitsanzo choposa ichi chosonyeza kuti dongosololi ndi chida chimene munthu amasankha.

Nanga + yomweyo imatha bwanji kugwira pa manambala athunthu komanso a madesimo? Haskell inaika + mu gulu lotchedwa Num, mtundu uliwonse wa deta umene ukufuna kukhala ndi + umalowa mgululi nkunena kuti kwa ine kuphatikiza ndi uku. Njira imeneyi ya magulu otere, otchedwa ma type class, anaibweretsa ndi Philip Wadler ndi Stephen Blott chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Koma polumikiza mawu kapena malisiti sagwiritsa + ngati Python, ali ndi ++ yakeyake pa sitepe 5. OCaml, chilankhulo china cha mtundu womwewu, imene inatuluka mu 1996 ku INRIA ku France, inasankha njira youma kwambiri, + ndi ya manambala athunthu okha, a madesimo ali ndi +. ya kadontho, nde 1 + 2.5 ndi erala, mulembe 1.0 +. 2.5. Ena amati nzotopetsa, komatu munthu wowerenga amadziwa pompo kuti pano pakuyenda manambala a mtundu wanji.

OCaml ndi yosiyananso pa nkhani ya masitepe, simusankha nambala ayi, chizindikiro choyamba cha opareta yanu ndi chimene chimagamula, ikayamba ndi * ikhala pa sitepe ya kuchulukitsa, ikayamba ndi + ikhala pa ya kuphatikiza. Ubwino wake ngoti wowerenga safunika kukasaka kumene munalemba infixl, amangoona maonekedwe. Kamsampha kake nkoti (* ndi poyambira ndemanga mu OCaml, nde pofuna kuchulukitsa ngati fankishoni muzilemba ( * ) ndi mipata. Scala ya Martin Odersky imachitanso za chizindikiro choyambazi, nkuonjezera kuti opareta yothera ndi : imayambira kumanja. F# ya Don Syme ndi imene inatchukitsa |> imene imatenga ansala ya kumanzere nkuiponyera ku fankishoni ya kumanja kuti pulogalamu iziwerengeka motsatana ngati ndondomeko, ndipo nayonso tanthauzo lake ndi mzere umodzi.

Ndiye pali ena amene anangoti nkhani yonseyi ya masitepe ayi. Lisp, ya John McCarthy mu 1958, imaika chilichonse kutsogolo mkati mwa mabulaketi, (+ 1 2 3) ndi 6, (* 2 (+ 3 4)) ndi 14, + ndi dzina ngati dzina lina lililonse, palibe BODMAS, palibe choloweza, mtengo wake ndi mabulaketi ochuluka basi. APL ya Kenneth Iverson inati zonse nzofanana, yambira kumanja nthawi zonse, nde 2×3+4 kumeneko ndi 14 osati 10. Munthu wa BODMAS atha kunena kuti Iverson samadziwa masamu, komatu anali katswiri wa masamu amene anaphunzitsapo ku Harvard ndipo analandira Turing Award mu 1979.

Ufulu wopanga ma opareta uli ndi mbali yake yoipa ndipo sindibisa. Pali malaibulale a Haskell, monga lens ya Edward Kmett, amene ali ndi zizindikiro zambirimbiri, ^. ndi .~ ndi %~ ndi zina zotero, kwa amene anazolowera zili ndi dongosolo lake labwino koma kwa mlendo tsamba lonse limangooneka ngati kiyibodi yagwa pansi, sungazitchule pakamwa pofunsa mnzako, ndipo kuzisaka pa Google nkovuta, mpake kuti anthu a Haskell amadalira Hoogle imene imatha kusaka ndi zizindikiro komanso mitundu ya deta. Evan Czaplicki, mwini chilankhulo cha Elm, anafika pochotseratu ufulu umenewu kwa ogwiritsa ntchito wamba mu Elm 0.19 mu 2018, ndipo anthu ena anadandaula kwambiri. Java nayo sinalole nkomwe kuti munthu apereke tanthauzo lake ku +, Python imalola kusintha tanthauzo la zimene zilipo kale kudzera mu __add__ ndi anzake koma kupanga chizindikiro chatsopano ayi, moti anthu a masamu anachita kudikira mpaka Python 3.5 mu 2015 kuti apatsidwe @ yochulukitsira ma matrix. Ine maganizo anga ngoti Elm inapyola muyezo. Vuto la anthu opanga zizindikiro zopanda pake limathetsedwa ndi mwambo wa pa ntchito, mnzako akamaunika kodi yako akufunse kuti kodi ichi chikanakhala ndi dzina chikanavuta chani, osati kulanda chida chonse. Opareta yatsopano ikhale ya chinthu chimene chikubwera kawirikawiri, cha zinthu ziwiri, ndipo pambali pake pakhale fankishoni ya dzina lomveka yochita zomwezo kuti wosadziwa apeze pogwira. Ngakhale %% yanga ija, mu pulogalamu imene anthu ena adzaisamalire ine nditachoka, ndikhoza kungoitcha peresenti.

Mwina wina afunsa kuti za Haskell zikutikhudza bwanji ife pomwe ntchito zambiri za koding'i kuno zimafuna PHP, Java, JavaScript kapena Python. Zikutikhudza chifukwa maganizo amenewa analowa kale mu zida zimene tikugwiritsa. Java inalandira ma lambda, mafankishoni opanda dzina, mu 2014, map ndi reduce zili paliponse mu JavaScript, ndipo Excel yeniyeniyo inapatsidwa LAMBDA, yopangira mafankishoni akoako, imene Microsoft inalengeza kumapeto kwa 2020, mmodzi mwa amene anagwirapo ntchito imeneyo ndi Simon Peyton Jones, yemwe ndi mmodzi wa amene anapanga Haskell. Wachinyamata amene akudziwa kuti a + b ndi kuitana fankishoni sadabwa akaona JavaScript ikumupatsa "12" pa "1" + 2, amadziwa kuti funso lofunsa ndi loti + imeneyi anaitanthauzira bwanji pa mitundu iwiriyi, osati kuyamba kuganiza kuti laputopu ili ndi vairasi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a masamu ndi a Computer Studies, komanso a m'makoleji amene akuphunzitsa chaka choyamba. Sindikuti sinthani silabasi kapena yambani kuphunzitsa Haskell ku fomu wanu ayi. Ndikuti pophunzitsa BODMAS muziwauza ana kuti ndi mgwirizano wa anthu, kuti masitepe ake ndi folo osati sikisi, kuti kuchulukitsa ndi kugawa nzofanana mphamvu, kuphatikiza ndi kuchotsera chimodzimodzi, komanso kuti pamene pali chikaiko munthu wanzeru amaika mabulaketi osachita manyazi. Kumene kuli labu ya makompyuta, GHC, kompaila ya Haskell, ndi yaulere, tsegulani GHCi, malo ake oyeserapo kodi, mulembe :info + ana aone ndi maso awo mzere uja wa infixl 6 + uli pansi pake, kenako :info * aone 7, kenako muwapatse apange opareta yawo asinthe nambala aone chimene chichitike. Kumene kulibe magetsi olo kompyuta zimathekabe pa bolodi, agaweni m'magulu, gulu lina muliuze kuti kwa inu pulasi ili pamwamba pa taimusi, lina liyambire kumanja ngati APL, lina lilembe ngati Lisp, onse muwapatse 2 × 3 + 4 ndipo gulu lililonse lifotokoze chifukwa chimene ansala yawo ili yolondola pa malamulo amene anapatsidwa. Piriyodi imodzi ikwana.

Ndipo inu akonzi, ngati nkotheka muzitipatsako kadanga ka nkhani za koding'i mu Chichewa olo kamodzi pa mwezi, achinyamata amene akuphunzira okha pa foni ndi bando ya usiku alipo ambiri ndipo zinthu ngati izi alibe wowafotokozera.

Wanu wowerenga,
Wolemba mapulogalamu, Lilongwe